Khosi Likavulala pa Judo, Kugona Sindiwo Mankhwala

Masewera a judo ndi karate si acilendo muno mu Lusaka. Bambo Jude McKenna, wansembe wa ku Ireland amene anafika m'Zambia mu 1966, anaphunzitsa judo zaka zambiri mumzinda uno, ndipo mu 2010 kunatsegulidwa bwalo la OYDC kumene acinyamata amaphunzirako masewera osiyanasiyana. Lero ana a ku Kabwata ndi ku Chelstone akugwetsana pamphasa mofanana ndi anzao a ku Woodlands ndi ku Kabulonga. Ici n'cabwino, koma pogwetsanapo khosi limavulala, ndipo makolo ambiri sadziwa cocita.

Khosi lili ndi mafupa 7 amene amanyamula mutu wolemera pafupifupi makilogalamu 5. M'kati mwa mafupawo mumadutsa mtsempha waukulu wocokera ku bongo. N'cifukwa cace mwana akagwera mutu nakomoka, kapena akamva dzanzi m'manja, miyendo kufooka, mkodzo kutuluka wokha, musamudzutse, musamukoke khosi, ndipo musamukhazike m'minibasi. Mmodzi agwire mutu kuti usagwedezeke, wina aitane ambulansi yomutengera ku UTH kapena ku cipatala ca Levy Mwanawasa. Ngakhale zizindikirozi palibe, khosi lopweteka kwambiri lipimidwe tsiku lomwelo.

Mwamwai, ambiri amangovulala minofu. Apa ndipo timalakwitsa. Adokotala akanena kuti fupa ndi mtsempha zili bwino, amai amamugoneka mwana milungu iwiri, atate namugulira kolala. Cifundo cotere cimacedwetsa kucira. Minofu yosagwira nchito imafooka ndi kuuma, ndipo kolala yovala masiku ambiri imaonjezera vutolo.

Ine ndikuti mwanayo adzuke. Apite kusukulu, ayende pansi, asese pakhomo. Tsiku lililonse atembenuze mutu pang'onopang'ono kumanja ndi kumanzere, aweramitse ndi kuweramutsa, nalekeza pamene ululu wayamba kukula. Nsalu yofunda pakhosi ndi Panadol zimathandiza. Koma asasenze cigubu ca madzi pamutu, ndipo mnzace asayese kumuongola khosi mocita kulipotokola. Mphini nazonso sizifika pamene pali vuto.

Enanso amalakwa mwa kufulumira. Mnyamata amabisa ululu poopa kutsala pa mpikisano. Inu aphunzitsi a masewera, musalole zimenezi. Ayambe ndi kuthamanga, kenaka kuyeseza yekha popanda mnzace. Kugwetsana kubwere khosi likamatembenuka mbali zonse popanda ululu, manja ali ndi mphamvu zonse, ndipo acipatala atavomereza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Komanso wophunzira watsopano adziwe kagwedwe kabwino, cibwano cili pacifuwa, asanayambe kugwetsa anzace.

Makolo, musamuletse mwana masewera cifukwa ca ngozi imodzi. Koma ululu ukamakula, kapena pakapita milungu 6 osasintha, bwererani naye kucipatala.