Chithunzi cha pa foni chisalande mwana nsima

Ku Lifidzi, ku Dómuè ndi ku Ulónguè achinyamata ambiri tsopano ali ndi mafoni. Amaona zithunzi pa Facebook ndi pa TikTok, ndipo komwe kuli kanema amaonera novela za ku Brasil. Akazi a m'zithunzi zimenezi amafanana: mimba yaphwa, chiuno n'chaching'ono, khungu ndi losalala. Mtsikana akadziyang'ana pagalasi amayamba kuganiza kuti thupi lake ndi lolakwika. Ife tikuti nkhaniyi si yaing'ono, chifukwa imafika mpaka pa mbale ya nsima.

Zomwe zinachitika ku Fiji, dziko la zilumba m'nyanja ya Pacific, zitiphunzitse. Kumeneko, monga kwathu kuno, mkazi wonenepa ankaonedwa kuti ndi wathanzi ndi wosamalidwa bwino. Kanema anafika m'dera la Nadroga mu 1995. Chaka chomwecho Dokotala Anne Becker wa ku yunivesite ya Harvard anafunsa atsikana a sukulu, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wodzisanzitsa dala kuti aonde. Atafunsanso mu 1998, atsikana 11 mwa 100 alionse anati amadzisanzitsa. Panangopita zaka zitatu zokha.

Vutoli ndi matenda, ndipo kuchipatala lili ndi mayina. Anorexia ndi kudzimana chakudya poopa kunenepa, ngakhale munthuyo ataonda kale. Bulimia ndi kudya kwambiri nthawi imodzi, kenako n'kudzisanzitsa kapena kumwa mankhwala otsegula m'mimba. Wodwala amasiya kusamba kumwezi, tsitsi limathothoka, mano amawonongeka, mtima umafooka, ndipo ena amamwalira. Anyamata nawonso amadwala.

Kuno vutoli lili ndi mbali ina. Munthu akaonda, anthu amayamba kunong'ona kuti ali ndi kachilombo. Pa foninso pali zithunzi zotama mbina yaikulu. Choncho ena amagula mankhwala onenepetsa popanda kufunsa achipatala. Amodzi mwa iwo ndi Apetamin, omwe ali ndi cyproheptadine, mankhwala a ziwengo. Amagonetsa tulo, amachititsa chizungulire, ndipo angawononge chiwindi. Wofuna kuonda ndi wofuna kunenepa onse akuthamangitsa chithunzi.

Komatu zithunzi zambiri n'zosinthidwa. Foni imatha kuchepetsa chiuno ndi kuyeretsa khungu m'kanthawi kochepa. Ku France, kuyambira 2017, lamulo limakakamiza otsatsa malonda kulemba poyera ngati asintha kukula kwa thupi la munthu pa chithunzi. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Dziko lathu silingakwanitse kuseweretsa chakudya. Kafukufuku wa boma wa 2022 mpaka 2023 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Pafupifupi theka la amayi a msinkhu wobereka ali ndi vuto la kuchepa magazi. Mtsikana wodumpha chakudya lero ndiye mayi woyembekezera wa mawa. Angónia amalima chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere zodyetsa mizinda yakutali. N'zomvetsa chisoni kuti mwana wa mlimi agone ndi njala nkhokwe ili yodzaza.

Tsono tichite chiyani? Choyamba, inu makolo, muziona kadyedwe ka ana. Mwana akamanena tsiku lililonse kuti wadya kale, akamathamangira kuchimbudzi atangomaliza kudya, kapena akamaonda msanga, musamumenye ndipo musathamangire kunena kuti walodzedwa. Khalani naye pansi, mumumvetsere, kenako mupite naye kuchipatala.

Chachiwiri, tisamale pakamwa. Mawu akuti "waondatu" kapena "wanenepatu" timawanena ngati moni, koma mwana amagona nawo.

Chachitatu, anamkungwi, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo aike nkhaniyi m'malangizo awo. Auze atsikana kuti pa kutha msinkhu thupi limasintha, ndipo aliyense limamusintha mwa njira yake.

Inu amene mukuphunzira kuwerenga, phunziraninso kuwerenga chithunzi. Mwana akakuonetsani foni, mufunse naye limodzi: wajambula ndani, wasintha chiyani, ndipo akufuna kutigulitsa chiyani?