Kukweza kapena kungoyankha: masamu a poker ndi kandege ka pa foni

Nyengo yogulitsa fodya ikafika ku Furancungo ndi ku Chidzolomondo, kapena kacewere akayamba kukwera malole ku Tsangano, ndalama zimayenda m'manja. Izi mumazidziwa nokha. Kale ndalama zotere zinkathera kwa ogulitsa malata ndi njinga, zina ku baraka, zina kwa anyamata a makhadi atatu pa tsiku la msika. Masiku ano pabwera cina cimene cikudya nawo mwakacetecete. Ndi kandege kofiira ka pa foni, kamene dzina lake ndi Aviator. Nyuzipepala ndi mawailesi a ku Maputo akhala akukamba za anthu amene anataya malipiro a mwezi wathunthu m'masewerawa, ndipo kutsidya ku Malawi nkhani ndi yomweyo.

Mukamufunsa mnyamata amene maso ali pa kandegeko, adzakuuzani kuti iyi si njuga ayi, ndi nzeru, munthu amangofunika kudziwa nthawi yowonjezera ndalama ndi nthawi yothawa. Musafulumire kumuseka. Alipo masewera a makhadi amene mawu amenewa ndi oona ndithu, ndipo dzina lake ndi poker. Tiyeni tiwaonetsetse, cifukwa munthu akamvetsa mmene katswiri wa poker amasankhira, amayamba kuona bwino cimene cikumucitikira pa foni.

Mtundu wochuka wa poker ndi wa ku America, wochedwa Texas hold'em. Makhadi alipo 52. Aliyense amalandira awiri obisa, kenako pakati pa tebulo amaikapo asanu oonekera kwa onse, atatu poyamba, lina limodzi, ndi lina lomaliza. Ndalama zimene osewera amaponya pakati tizichule kuti mphika. Mnzanu akaponya ndalama mumphika, inu muli ndi njira zitatu. Mutha kutaya makhadi anu n'kusiya zimene munaikamo kale. Mutha kuyankha, ndiye kuti kuponya ndalama zofanana ndi zake. Kapena mutha kukweza, kuponya zoposa zake, kuti iye aganizenso. M'mtundu umene pa Cingerezi amati no-limit, palibe malire a kukweza. Munthu atha kukankha ndalama zonse zimene zili patsogolo pake nthawi ina iliyonse. Mpikisano waukulu wa masewerawa, World Series of Poker, unayamba mu 1970 ku Las Vegas, ndipo kulowa m'cigawo cake cacikulu ndi madola 10,000.

Kuyankha ndi nkhani ya masamu a ku pulayimale basi. Tiyerekeze kuti mumphika muli 300 MT, mnzanu waponya 100 MT. Tsopano mumphika muli 400 MT, ndipo kuti mupitirize mukufunika kuponya 100 MT. Mukacita zimenezi kasanu, n'kupambana kamodzi kokha, mwataya 100 MT kanayi, mwapeza 400 MT kamodzi. Simunapindule, simunaluze. Conco kuyankha kuli ndi nzeru ngati mwayi wanu wopambana ndi woposa kamodzi pa kasanu.

Nanga mwayiwo mungaudziwe bwanji? Mumawerenga. Tinene kuti m'manja muli ndi macopas awiri, patebulo pali macopas ena awiri, ndipo latsala khadi limodzi kuti litembenuzidwe. Likabwera la copas, mukhala ndi makhadi asanu a mtundu umodzi, dzanja lamphamvu. Macopas onse alipo 13, mwaona 4, atsala 9. Makhadi amene simunawaone ndi 46. Mwayi wanu ndi 9 pa 46, kucepera pang'ono kamodzi pa kasanu. Pa 100 MT zija muli m'malire penipeni, ndipo ambiri angayankhe poyembekeza kuti khadilo likabwera adzam'dyeranso mnzawoyo zina. Koma mnzanuyo akanaponya 300 MT mumphika wa 300 MT, mukanafunika kupambana kamodzi pa katatu. Apo ndiye tayani makhadi, ngakhale mtima ukukuuzani kuti lero ndi tsiku lanu. Makhadi ndi omwewo, casintha ndi mtengo.

Kukweza ndiye kovuta, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera. Munthu akaona makhadi abwino, magazi amathamanga, dzanja limafuna kuwonjezera. Koma katswiri amayamba wadzifunsa kuti, ndikakweza, ndani andilipire? Zifukwa zomveka zokwezera ndi ziwiri. Coyamba, kuti munthu wa makhadi ofooka kuposa anu ayankhe, mphika ukule, inu mudye zambiri. Caciwiri, kuti munthu wa makhadi amphamvu kuposa anu acite mantha, ataye ake. Ici caciwiri ndi cinyengo cololedwa, ndipo si ca anthu opanda sukulu ayi. Katswiri wa masamu John von Neumann, m'buku limene analemba ndi Oskar Morgenstern mu 1944, anasonyeza ndi manambala kuti wosewera wabwino ayenera kumanamiza nthawi zina, apo ayi anzake sadzamulipira tsiku limene ali ndi makhadi enieni.

Tsono taganizirani kuti muli ndi dzanja lapakatikati, labwino koma osati loopsa, ndipo mnzanu waponya ndalama pa khadi lomaliza. Mukakweza, cicitike n'ciyani? Ngati iye amangonamiza, ataya makhadi, ndipo simupeza kanthu koposa zimene mukanapeza mutangoyankha. Ngati ali ndi dzanja loposa lanu, sathawa. Ayankha, kapena akankha ndalama zake zonse, cifukwa kukweza kwanu kwamutsegulira khomo loti akwezenso. Ndiye kuti wofooka mwamuthamangitsa, wamphamvu mwamuitana. Apa wanzeru amangoyankha, n'kuona makhadi pa mtengo wocepa. Oonerera amaganiza kuti ndi mantha, pamene iye wawerenga kale.

Kuti poker ili ndi luso si nkhambakamwa. Mu 2017, pulogalamu ya kompyuta yochedwa Libratus, yopangidwa pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku Pittsburgh, inasewera ndi akatswiri anayi kwa masiku 20 n'kuwagonjetsa. Cinthu congodalira mwayi sungaciphunzire mpaka kumapambana motero. Komabe musanamizike. Nyumba imene imakonza masewera imatapa kagawo kake mumphika, ndipo ndalama za akatswiri ocepawo zimacokera m'matumba a anthu ambirimbiri osadziwa kuwerenga. Nkhani ya Chris Moneymaker, wowerengera ndalama wa ku Tennessee amene mu 2003 anapambana madola 2.5 miliyoni atalowa mpikisano kudzera pa intaneti ndi kandalama kocepa, inakoka anthu osawerengeka. Dzina lake timalikumbukira cifukwa ambiri amene anamutsatira palibe amene akuwadziwa.

Tsopano bwererani kwa mnyamata uja ndi kandege kake. Aviator inatulutsidwa mu 2019 ndi kampani ya Spribe. Mumaika ndalama, kandege kamanyamuka, nambala imakwera, 1.2, 1.5, 2, 3, ndipo mukadina kasanathawe, ndalama zanu zimaculukitsidwa ndi nambala imeneyo. Kakathawa musanadine, zapita. Zimaoneka ngati cisankho cili m'manja mwanu, eti? Koma eni ake amanena poyera kuti masewerawa amabweza 97 pa 100. Tanthauzo lake ndi lakuti pa 100 MT iliyonse imene anthu aponya, 97 MT imabwerera kwa osewera, 3 MT imatsala. Mukamadina pa 2, mupambana kocepera pang'ono theka la nthawi. Mukamadikira 10, mupambana kocepera pang'ono kamodzi pa khumi. Njira iliyonse imene mungasankhe, mapeto ake ndi 97 yomweyo. Palibe mnzanu woti mumuwerenge nkhope, palibe woti mumuopseze kuti ataye makhadi, palibe wofooka woti akulipireni. Funso lija la katswiri, loti ndikakweza ndani andilipire, pano lilibe yankho.

Mwina mukuti, aaa, 3 pa 100 ndi kanthu kanji? Vuto ndi liwiro. Ulendo umodzi wa kandege ndi masekondi owerengeka. Munthu wa 1,000 MT amene akuponya 100 MT ulendo uliwonse, kupambana apa, kuluza apo, atha kusewera maulendo 100 asanadye nsima yamadzulo. Ndalama zimene zadutsa pa foniyo ndi 10,000 MT, ndipo 3 pa 100 ya zimenezo ndi 300 MT. Mawa ayambanso.

Coopsa kwambiri ndi nzeru ija imafala m'magulu a WhatsApp, yoti ukaluza uziwirikiza kawiri mpaka upambane. Tiyeni tiiyese. Mwayamba ndi 50 MT, mukudina pa 2. Mwaluza, mwaika 100, kenako 200, 400, 800, 1,600, 3,200. Mukaluza kasanu n'kawiri motsatizana, zapita 6,350 MT, ndipo zonsezi mumathamangitsa phindu la 50 MT. Kuluza kasanu n'kawiri motsatizana kumacitika pafupifupi kamodzi pa maulendo 100 oyesera njirayi. Maulendo enawo mukupezadi ma 50 MT anu, mukusangalala, mukuuza anzanu kuti njira mwaipeza. Koma ma 50 MT okwana 100 ndi 5,000 MT cabe, sakwanira kukwirira dzenje la tsiku limodzi loipalo. Uku ndi kukweza kopanda cifukwa ciliconse mwa ziwiri zija. Munthu akungokweza cifukwa ca ululu wa zimene wataya kale.

Pali cinthu cimodzi cimene cimandidabwitsa. Poker imene amati ilibe malire, malire ili nawo. Lamulo la patebulo ndi lakuti simungaluze zoposa zimene munaika patsogolo panu masewera asanayambe. Simungapise m'thumba pakati pa dzanja, simungathamangire kunyumba kukagwira mbuzi. Pa foni malire amenewa kulibe. Ndalama zikatha, M-Pesa kapena e-Mola ili pomwepo, kudina kangapo zalowa zina. Zikathanso, pali ngongole ya pa foni, pali mnzanu wobwereketsa ndi katapila. Mlimi wa fodya amene anatenga mbewu ndi feteleza pa ngongole ku Mozambique Leaf Tobacco amalandira zotsala akacotsa ngongoleyo, ndipo zotsalazo ndi zoti zilipire aganyu, zigule makope a ana, zisunge banja mpaka cimanga cica. Ndalama za caka conse zimafika m'milungu yocepa, ndipo kandege kali m'thumba la malaya lomwelo.

Boma nalo lili patebulo, ndipo lili ndi cisankho cake. Ku Mozambique nchito yoyang'anira njuga ili m'manja mwa Inspecção Geral de Jogos, ku Malawi ili ndi Malawi Gaming and Lotteries Authority. Maiko onse awiri amaletsa ana osakwana zaka 18 kuchova njuga. Koma malamulo a njuga anayamba ndi maganizo a kasino, nyumba ya m'tauni yokhala ndi mlonda pakhomo. Foni ilibe mlonda. Mwana atha kusewera pa nambala ya amayi ake, ndipo m'malire ngati ku Biri-Biri kapena pa msika wa Lizulu, kumene kwacha ndi metikali zimayendera limodzi, munthu mmodzi atha kukhala ndi manambala a maiko awiri. Makampani a kubecha amalipira msonkho, amathandiza mpira, amalemba anthu nchito, conco boma silifulumira kuwafinya. Ine ndikuona kuti kungoyankha ndi macenjezo a pa wailesi sikukukwanira.

Maiko ena anakweza. Ku Britain, mu 2019, anatsitsa ndalama zimene munthu angaponye ulendo umodzi pa makina a m'mashopu a kubecha kucoka pa mapaundi 100 kufika pa mapaundi 2, ndipo mu 2020 analetsa kuchova njuga ndi khadi la ngongole la ku banki. Ku Brazil, banki yaikulu ya dzikolo inaulula kuti mwezi wa Ogasiti 2024 wokha, anthu olandira thandizo la boma la Bolsa Família anatumiza ndalama zokwana mareal 3 biliyoni ku makampani a kubecha, ndipo dzikolo linayamba caka ca 2025 ndi malamulo atsopano okhwima. Sanatseke masewera onse ayi. Anangobwezeretsa malire aja amene tebulo la poker lili nawo kale, akuti munthu asaluze zimene alibe, ndiponso asaluze zonse m'kanthawi kocepa. Zotere zingatheke kunonso, cifukwa ndalama za kubecha kwa pa foni zimadutsa m'makampani owerengeka a mafoni, ndipo iwo amaona tambala iliyonse.

Podikira zimenezo, pali masamu amene mungacite lero madzulo, inu kapena mwana wanu amene akuti ali ndi njira. Mauthenga a M-Pesa ndi e-Mola sanama. Tengani kope ndi pensulo, mujambule mzere pakati. Kumanzere lembani ndalama zonse zimene zinapita ku kampani ya kubecha kuyambira tsiku limene fodya kapena kacewere anagulitsidwa, kumanja zonse zimene zinabwerera. Tsiku lija anapambana 4,000 MT aliyense pamudzi analimva, lilembeni ndithu. Koma ma 100 MT ndi ma 200 MT a usiku nawonso alowe, limodzi ndi ndalama zogulira intaneti, kenako muphatikize mbali iliyonse payokha.