Musanalipire renda, pitani kaye kusukulu



Sabata yatha mlongo wanga anandiimbira foni ali ku Domue. Alamu anga apeza ntchito ku Moatize, ndipo banja lonse likufuna kusamuka. Anati, "Achimwene, tapeza nyumba ziwiri. Ina ili m'mbali mwa msewu koma renda yake ndi yokwera, inayo ili patali koma ili ndi mpopi pakhomo. Titenge iti?" Ine ndinamufunsa kuti, "Nanga mwanayu akaphunzira kuti?" Anakhala chete pang'ono, kenako anati sukulu zili paliponse, akazipeza akafika.

Mpamene tinasiyana maganizo, ndipo n'chifukwa chake ndalemba izi. Ine ndikuti banja lomwe lili ndi mwana wa kalasi yoyamba, yachiwiri kapena yachitatu liyambe lapeza sukulu, nyumba ibwere pambuyo. Nyumba ikakuipirani mumasamuka mwezi ukatha. Mwana akasokonezeka pa nthawi imene akuphunzira kuwerenga, chilondacho chimatenga zaka kuti chipole, ndipo ena sichipola n'komwe.

Mwana wa mlongo wangayu ali mu kalasi yachiwiri, m'gulu la zilankhulo ziwiri. Amawerenga Chinyanja bwinobwino, masamu amawerengera m'Chinyanja, ndipo akafunsidwa funso amakweza mkono osaopa. Chipwitikizi akuchiphunzira ngati phunziro, kuyamba ndi kumva ndi kuyankhula. Umu ndi mmene maphunzirowa anakonzedwera: zaka zitatu zoyambirira mwana aphunzire m'chilankhulo cha kwawo, ndipo kuyambira kalasi yachinayi Chipwitikizi chiyambe kutenga malo aakulu. Si zachilendo kwa ife a ku Tete. Pamene njirayi inkayesedwa koyamba pakati pa 1993 ndi 1997, anayesera kuno m'Chinyanja komanso ku Gaza m'Chichangana, kenako mu 2003 inalowa m'sukulu za boma.

Tsono taganizani mwana ameneyu atachotsedwa pakati pa chaka n'kukaikidwa m'kalasi momwe zonse zili m'Chipwitikizi. Anzake akhala akumva chilankhulocho tsiku lonse kuyambira kalasi yoyamba. Iye wawoloka mtsinje mpaka pakati, ndiye mwamulanda bwato. Ana otere ndawalandirapo m'kalasi mwanga, ena ochokera kutauni kubwera kuno, ena obwerera atalephera kumeneko. Amakhala kumbuyo, amakopera za pa bolodi mwaukhondo, koma ukawafunsa zimene alemba amayang'ana pansi. Mphunzitsi amene ali ndi ana odzaza chipinda sachedwa kunena kuti mwanayu ndi wogona mutu. Chikhalirecho kwawo anali woyamba kuyankha.

Mlongo wanga anati, "Ndiye tikamufunira sukulu ya zilankhulo ziwiri komweko." Apa mpamene makolo ambiri amagwa m'mbuna. Sukulu imaphunzitsa m'chilankhulo cha dera limene ili. Ku Moatize ndi mumzinda wa Tete anthu ambiri amayankhula Chinyungwe. Inde, Chinyungwe ndi Chinyanja ndi pachibale, ndipo wamkulu amamva zambiri. Koma ife timati mawa, iwo amati mangwana. Ife timati kuyenda, iwo amati kufamba. Kwa mwana wazaka 7 amene wangodziwa kumene kulumikiza zilembo, kusiyana kumeneku si kwamasewera. Musangomva kuti sukuluyi ndi ya zilankhulo ziwiri n'kukhutira. Funsani kuti ziwirizo ndi ziti.

Ndikudziwa zimene ena mundiyankhe, chifukwa alamu anga anandiyankha kale. Anati, "Alamu, Chinyanja sichilembetsa ntchito ku mgodi. Mwana alowe Chipwitikizi msanga, azolowere." Sindikuwanyoza. Chipwitikizi ndi chilankhulo cha boma, mayeso a kusekondale ali m'Chipwitikizi, ndipo ine ndemwe ndimachiphunzitsa tsiku ndi tsiku. Ndikufuna mwanayu adzachidziwe kuposa ine. Koma kuwerenga munthu amaphunzira kamodzi kokha pa moyo wake. Akadziwa m'chilankhulo chimene amachimva kuti zilembo zimanyamula mawu ndipo mawu amanyamula nkhani, nzeru imeneyo amapita nayo ku chilankhulo chachiwiri. Amene wayamba ndi chilankhulo chosachimva amasenza akatundu awiri pa nthawi imodzi. Kalembera wa 2017 anaonetsa kuti a Mozambique amene Chipwitikizi ndi chilankhulo chawo chobadwa nacho sakwana mmodzi mwa asanu alionse. Choncho vutoli si la mwana wa ku Domue yekha.

Palinso zoona zina zimene alamu anga ananena: ntchito siidikira, ndipo ndalama ya renda ndi imene imalamula. Osauka sasankha nyumba ngati akusankha nsalu pamsika. Ndavomera. Komabe ngakhale ndalama ili yochepa, pali zinthu zimene kufunsa kwake n'kwaulere.

Choyamba, pitani nokha kusukuluko, tsiku la maphunziro, mukaonane ndi akulu a sukulu. Funsani ngati malo alipo mu kalasi ya mwana wanu, chilankhulo chimene amaphunzitsira, ndiponso ngati pali mphunzitsi amene amamva Chinyanja. Mphunzitsi mmodzi yekha woti mwana angamuuze kuti m'mimba mukupweteka amasintha zambiri.

Chachiwiri, funsani nthawi yolowera. Sukulu zambiri za m'tauni zimagawa ana, ena m'mawa ena masana. Mwana wokulira kozizira ku Angónia sadziwa dzuwa la ku Tete, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Ngati akalowa masana, mtunda umene kwathu ndi waufupi kumeneko ndi chilango.

Chachitatu, yendani pansi kuchokera panyumba imene mukufunayo mpaka pachipata cha sukulu, muli ndi mwanayo. Onani ngati adzadumpha msewu waukulu wodutsa magalimoto akuluakulu opita ku Zóbuè. Nyumba yotsika mtengo imene ifuna chapa kapena njinga yamoto tsiku lililonse si yotsika mtengo ayi. Werengerani ndalama ya ulendo ya mwezi wonse muiphatikize pa renda.

Chachinayi, ngati n'kotheka musasamutse mwana pakati pa chaka. Amalize kalasi yake, mutenge kalata yosamukira ndi zotsatira zake, akayambe limodzi ndi anzake chaka chikamatsegulidwa.

Ndipo mukafika kumeneko, musatseke pakamwa pa Chinyanja m'nyumba. Ndaona makolo amene akangofika m'tauni amayamba kuyankhula ndi ana awo Chipwitikizi chothyokathyoka, poganiza kuti akuwathandiza. Mapeto ake mwana sadziwa bwino chilichonse, ndipo akapita kumudzi satha kucheza ndi agogo ake. Chipwitikizi akachipeza kusukulu, pa wailesi ndi kwa anzake. Nthano, miyambi ndi malangizo apeze kwa inu, m'chilankhulo chimene inuyo mumachidziwa mpaka kumizu.

Kwathu tagwirizana motere: alamu atsogola okha, akakhala m'chipinda chimodzi. Mlongo wanga ndi ana atsala mpaka sukulu itatsekera, ndipo ine monga malume ndalonjeza kumakhala ndi mwanayu Loweruka lililonse kuti tizicheza m'Chipwitikizi, akafike khutu litatseguka. Sikuti n'zopepuka. Banja likhala logawikana kwa miyezi ingapo, miphika iwiri pa malipiro amodzi, ndipo alamu sanasangalale nazo kwenikweni. Nyumba ya mpopi ija mwina ena aitenga. Ina ipezeka.

Inu amene munasamukapo ndi ana aang'ono, kupita ku Tete, ku Beira, ku Lichinga kapena kubwerera kumudzi, mwana wanu zinamuyendera bwanji? Tiuzeni, kuti ena amene akumanga katundu chaka chino aphunzirepo.