Lamulo la Britain pa Mpweya Woseketsa ndi Loyenera

Boma la Britain lidachita bwino pa 8 Novembala 2023 pamene lidaika mpweya wa nitrous oxide, umene ambiri amautcha mpweya woseketsa, m'gulu la mankhwala ozunguza bongo. Tsopano munthu wopezeka nawo pofuna kuledzera angathe kukhala m'ndende zaka 2, pamene wogulitsa angathe kugwira ukaidi zaka 14.

Akatswiri olangiza Boma adatsutsa ganizoli ponena kuti chilango chikula kuposa mlandu. Mawu awo ngomveka, koma madokotala amadziwa kuti mpweyawu umaononga ntchito ya vitamini B12 m'thupi, mitsempha ya msana nifooka, mpaka mnyamata wamphamvu kulephera kuyenda. Chisangalalo cha mphindi imodzi sichiyenera kulipiridwa ndi miyendo ya munthu.

Lamuloli silidakhudze ntchito zabwino. Dokotala wa mano, mzamba ndi wophika makeke akugwiritsabe ntchito mpweyawu popanda chovuta. Dziko la Netherlands lidayamba kale kuuletsa mu Januwale 2023.

Komabe apolisi okha sangalere mwana. Makolo akaona timabotolo tachitsulo ndi mabaluni pakhomo, afunse msanga, pakuti m'mera mpoyamba.