ZA PA MUDZI PATHU: Dziwani Mbala Yanu Musanagule Waya

Zokolola ziri m'nkhokwe, udzu wauma, ndipo ino ndiyo nyengo yokonza makola ndi mipanda mvula isanagwe.

Sabata ino tiyankha funso la abambo ena a ku Machinga. Iwo akuti fisi wawatengera mbuzi zitatu chaka chino. Mwana wao amene ali pa nchito ku Joni walemba kuti kumeneko anthu ena azinga nyumba zao ndi mipanda ya aluminiyamu, yowala bwino, yosachita dzimbiri, ndipo afuna kutumiza ndarama kuti atate ache agule wotere. Tsono abambowa afunsa: kodi tigule?

Yankho lathu ndi ili: musanagule waya ali yense, yambani mwadziwa mbala imene ikuberani. Chirombo chiri chonse chiri ndi njira yache yolowera, ndipo mpanda wotsekera china sutsekera chinzache.

Aluminiyamu si chinthu chachilendo kwa inu. Ndicho chitsulo choyera chija cha mapoto amene amai aphikira ndiwo. Ubwino wache ulipo ndithu. Sachita dzimbiri ngakhale abvumbwe zaka zambiri, ndipo chiswe sichimudya. Ngwopepuka, pakuti ndodo zitatu za aluminiyamu zilemera monga ndodo imodzi ya chitsulo wamba ya ukulu womwewo. Magetsinso ayenda bwino mwa iye koposa m'chitsulo.

Koma chikome-kome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Aluminiyamu ngwofewa, ndipo waya wache mukampinda kawiri-kawiri athyoka. Asungunuka pa madigiri 660, pamene chitsulo chifuna madigiri oposa 1,400. Ndicho chifukwa chache amisiri oumba mapoto amsungunula ndi makala okha. Pamenepa muone zinthu ziwiri: moto wa m'thengo ungathe kuononga waya wotere, ndiponso akuba amfuna kuti akagulitse kwa oumba mapotowo. Mtengo wachenso ngwokwera koposa wa chitsulo. Mipanda ya m'tauni ija, ya ndodo zamphako zoimirira, iri bwino posonyeza malire ndi kutsekereza agaru, koma sinapangidwire fisi wanjala.

Tsono tiyeni tione mbala zathu imodzi-imodzi.

Fisi sakonda kukwera. Iye azungulira khola kufuna-funa pofooka, ndipo akapapeza akankha, aluma, kapena akumba pansi. Mano ache aphwanya mafupa a ng'ombe, choncho waya wopyapyala wa nkhuku sali kanthu kwa iye. Khola la mbuzi likhale la nsichi zolimba, zothinana, zozikidwa mozama, zotalika mamita 2. Koposa zonse mangani khola la m'mwamba monga aphunzitsa alangizi. M'khola lotere mbuzi sizigona m'matope, ndipo manyowa mungowola pansi kupita nao ku munda. Samalani kwambiri pa khomo. Anthu ambiri amanga khola lolimba, koma pa khomo angotsamiritsa lata lakale ndi mwala. Ikani chitseko cha matabwa ndi mpiringidzo, ndipo wamkulu aziona yekha madzulo ali onse ngati ana atseka.

Nguluwe ndi nungu zidzera pansi. Pa dimba kapena pa munda wa chinangwa pafunika waya woluka wa chitsulo, wokhuthala, wokutidwa monga malata a denga kuti asachite dzimbiri msanga. Kumbani kangalande m'mbali mwa mpanda, lowetsani wayayo pansi masentimita 30, pindirani nsonga yache kunja, ikani miyala, ndi kukwirira. Nyama ikayamba kukumba patsinde pa mpanda ipeza waya, ndipo ibwerera.

Nyalugwe ndi bvumbwe akwera. Kwa iwo mpanda wopanda denga uli ngati makwerero. Khola la nkhuku, la nkhunda ndi la ana a mbuzi litsekedwe pamwamba ndi m'mbali monse, osasiya mpata wolowa nkhonya. Za anyani ndi apusi musataye ndarama zanu. Palibe mpanda wa pa mudzi umene iwo alephera kukwera; mankhwala ao ndi msasa, agaru ndi kulondera mosinthana.

Mvuu iri ndi miyendo yaifupi ndipo silumpha. Inu olima m'mbali mwa Shire ndi m'mbali mwa nyanja, ngalande yakuya pamodzi ndi mpanda waufupi wa mitengo yonenepa zithandiza. Koma musatseke njira imene mvuu ibwerera nayo ku madzi, ndipo musaime pa njirayo mbanda kucha.

Njobvu ndiyo nkhani yina. Palibe nsichi kapena waya wamba wa pa mudzi amene angaimitse njobvu ndi mphamvu yache yokha. Chimene iopa ndi magetsi. Bungwe la African Parks, mogwirizana ndi Boma, linayamba kuyang'anira nkhalango ya Majete mu 2003, ndi za Liwonde ndi Nkhotakota mu 2015, ndipo linamanga mipanda ya magetsi ochokera ku dzuwa. Mu 2016 ndi 2017 njobvu zokwana ngati 500 zinasamutsidwa ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota, pakuti kumene zinali zinachuluka. Pa mpanda wa magetsi ndi pamene waya wa aluminiyamu angagwire nchito bwino, chifukwa nchito ya waya pamenepo si kulimbana ndi nyama, koma kunyamula moto umene uidzidzimutsa.

Pano tichenjeze mwamphamvu. Mpanda wa magetsi uli ndi makina ache amene atumiza moto modukiza, ngati kamodzi pa sekondi, kuti wokhudza adzidzimuke ndi kuthawa ali moyo. Musayese konse kulumikiza waya wa mpanda ku magetsi a m'nyumba. Moto umenewo sudukiza, ndipo woyamba kufa adzakhala mwana wanu kapena wa mnansi wanu. Mukafuna mpanda wotere pa minda ya mudzi wonse, kambiranani ndi amfumu, alangizi ndi a Gemu. Safunsa anadya phula.

Inu okhala m'malire a nkhalango, mpanda umene ulipowo ngwanu. Udzu kapena nthambi zikakhudza waya, moto uthawira m'nthaka ndipo mpanda ufooka; mukaona zotere, kapena mtengo utagwera waya, kauzeni alonda tsiku lomwelo. Munthu wodula waya kuti akatchere misampha apeza ndiwo za masiku awiri, koma atsegulira njobvu khomo lolowera m'minda ya mudzi wonse. Dziwaninso kuti lamulo loteteza nyama za kuthengo linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo opezeka olakwa angathe kukhala m'ndende zaka zambiri.

Tibwerere kwa abambo a ku Machinga aja. Mbala yanu, bambo, ndi fisi, ndipo fisi safuna nyumba yanu, afuna mbuzi. Musazinge bwalo lonse ndi chitsulo chodula. Mlembereni mwana wanu, mumthokoze, ndi kumuuza kuti ndaramazo mugulira misomali, matabwa a chitseko, waya wokhuthala wa chitsulo, ndi kulipira mmisiri womanga khola la m'mwamba. Zotsala mugule mbuzi yaikazi m'malo mwa zija zinapita. Mvula ikagwa bzalani khonje kapena nkhadze kuzungulira bwalo, pakuti mpanda wamoyo ukula chaka ndi chaka ndipo palibe wouba. Koma chenjezani ana kuti utomoni wa nkhadze uononga maso.

Kwa nonse titi: mpanda uli wonse ufuna mwini. Lambulani udzu m'mbali mwache moto usanafike. M'mamawa muli monse uzungulireni, muone mapazi a nyama pa dothi ndi pamene pakumbidwa. Mapaziwo adzakuuzani amene anabwera usiku ndi pamene afuna kulowera. Bowo limene mwaona lero litsekeni lero, pakuti fisi analiona dzulo.

Sabata ya mawa tidzakamba za kuteteza nsichi ndi mizati ku chiswe. Tsalani bwino.