Mlendo wa Kalumo Kakuthwa: Chingerezi m'Sukulu za ku Chilwa

Akale adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Adatinso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chingerezi chidavomera mwambi woyambawo koma wachiwiriwo chidaukana, pakuti chidafika n'kuyala mphasa, ndipo mpaka lero chikadali pakhomo.

Khomo lina limene chidalowera m'boma la Zomba ndi Domasi, kumene Alexander Hetherwick wa mpingo wa Church of Scotland adatsegula mishoni mu 1884. Adzukulu adziwe kuti mzunguyo adayamba waphunzira chinenero cha eni mudzi, moti mu 1889 adatulutsa buku lophunzitsa Chiyao. M'sukulu za kumidzi mwana ankayamba kuwerenga ndi kulemba m'Chinyanja kapena m'Chiyao, ndipo Chingerezi ankakumana nacho atakhwima, makamaka akafika pa sukulu ya pamishoni. Si amishoni onse amene ankachipereka mowolowa manja ayi. A Dutch Reformed ku Nkhoma ankachiumira, pamene a ku Livingstonia ankachiphunzitsa kwambiri, n'chifukwa chake makalaliki ambiri a nthawi ya atsamunda adali ochokera kumpoto.

Mu 1968, chaka chimene nyanja ya Chilwa idaphwa, Chichewa chidasankhidwa kukhala chinenero cha fuko, Chingerezi n'kukhalabe cha ntchito za boma. Kuyambira Sitandade 1 mpaka 4 ana ankaphunzira m'Chichewa, Chingerezi chili phunziro lapadera, ndipo mu Sitandade 5 ankawolokera ku Chingerezi. Kuwolokako kudali ndi nkhanza zake, poti m'sukulu zina wogwidwa akulankhula chinenero cha makolo ankapatsidwa chibalo. Komabe mwana ankafika padoko akudziwa kale kuwerenga. Lamulo la maphunziro la 2013 lidasintha zimenezi, ndipo mu 2014 unduna udalengeza kuti ana aziphunzitsidwa m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1.

Makolo amene adakondwera ndi nkhaniyi asanyozedwe. Wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi, ndipo malamulo a dziko amafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuchilankhula ndi kuchiwerenga. Msodzi wa pa doko la Kachulu akagulitsa matemba kuti alipire fizi, amafuna kuti mwana wake adzachigwire kalumoko.

Koma kuthamanga sikufika. Mwana wa pa chilumba cha Chisi kapena wa kwa Mwambo amalowa m'kalasi ali ndi chuma chake kale. Amasiyanitsa mlamba ndi makumba, amadziwa mwera ukamayandikira, mwinanso amalankhula Chinyanja ndi Chiyao kapena Chilomwe. Chuma chonsecho amachisiya panja ngati nsapato. Mkatimo amapanikizana ndi anzake ochuluka, buku limodzi ana angapo, n'kumabwereza mawu amene sadawamvepo kunyumba kapena kumsika. Amayankha mokweza ngati chinkhwe, mlendo wodutsa pamsewu n'kuyesa kuti kuphunzira kuli mkati. Mwana amene waphunzira kuwerenga m'chinenero chimene amachimva amatenga luso lomwelo n'kukawerengera china. Amene sadawerengepo chilichonse chomveka kwa iye alibe chotenga.

Aphunzitsi a m'mbali mwa nyanjayi amazidziwa zimenezi. Akalankhula Chingerezi n'kuona nkhope zonse zili kakasi, amatsitsa mawu n'kufotokozanso m'Chichewa, ndipo pamenepo m'pamene manja amayamba kukwera m'mwamba.