Nyenyezi Yofiira Ikufwifwa Pakhoma

Aliyense woyenda wapansi mu Limbe kapena m'tauni ya Blantyre amaidziwa nyenyezi yofiira. Imapakidwa ndi penti pakhoma la nyumba yokalamba, ndipo uthenga wake ndi wakuti mwini wake aikonze, apo ayi aigwetse n'kumanga ina yoyenera mumzinda. Inayamba m'nthawi ya Kamuzu Banda, ndipo kuchokera apo khonsolo ya mzinda yakhala ikuidzutsa, kenako n'kuigonekanso. Ife amene timachita lendi tizipinda ta m'nyumba zimenezi, atelala a pakhonde, okonza mafoni, ometa, amayi ophika nsima ya masana kuseri kwa masitolo, tatopa nayo. Lamulo la nyenyeziyi palokha sitikulida. Chatitopetsa n'chakuti limaluma ena, ena n'kumangowanyambita.

Kayendedwe kake takaloweza. Pawailesi alengeza kuti eni nyumba apatsidwa nthawi yoti akonze. Nthawiyo isanathe n'komwe, eni nyumba aja athamangira kukhoti n'kukatenga chiletso. Nkhani yazizira pomwepo. Mvula ibwera, dzuwa liwomba, penti uja n'kufwifwa, nyumba ili chiimire.

Amene amasenza mtolo wa zaka zodikirazo ndife. Nyumba ikangopakidwa nyenyezi, mwini wake amasiyiratu kuisamala. Ukamuuza kuti denga likudontha, amakuyankha kuti angawononge bwanji ndalama pa nyumba imene mawa lomweli ingagwetsedwe. Koma pakutha pa mwezi amafika ndithu kudzatenga lendi, ndipo chaka chikatha amaikweza. Mawaya a magetsi ali lendelende, zimbudzi zinatsekeka kalekale, khoma lang'aluka mpaka dzanja kulowa. Ifenso sitingaike zathu pokonza, poti sitidziwa ngati tidzakhalapobe mwezi wamawa. Mayi wogulitsa zitenje amafunditsa katundu wake pulasitiki madzulo aliwonse a dzinja, n'kukagona mtima uli m'mwamba. Ndani adzamulipire tsiku limene denga lidzagwere katundu wakeyo? Ndani adzayankhe likadzagwera mwana wodutsa pakhonde?

Tsono tikumbukire 2006. Boma la Bingu wa Mutharika litalamula kuti mavenda achoke m'misewu, pa ntchito ija ankaitcha Operation Dongosolo, sipanatenge zaka. Masiku ochepa okha misewu inayera, mabenchi anaphwasulidwa, anthu anakankhidwira m'misika imene malo ake sanakwanire onse. Mpaka lero, okala ya matabwa ikamangidwa m'mbali mwa msewu popanda chilolezo, imagwetsedwa m'bandakucha mwini wake asanafike, ndipo palibe amamufunsa ngati ali ndi loya. Sitikunena kuti okala zimangidwe paliponse ayi. Tikufunsa chifukwa chake mphamvu yogwetsera okala imatha ikafika pa nyumba ya munthu wa ndalama, imene yatsekereza ngalande kapena yadya njira ya oyenda pansi. Anthu akamanong'onezana m'minibasi kuti penapake pakudutsa kenakake, musawadabwe. Amaona ndi maso awo.

Kulekerera kumeneku kumapha. M'mwezi wa Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula yosalekeza, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. Tinaika m'manda abale athu ambirimbiri, ena sanapezeke n'komwe. Pambuyo pake tinamva akuluakulu akunena kuti anthuwo anamanga pamalo oletsedwa. Zoona, malowo anali oletsedwa. Koma nyumbazo sizinamere usiku umodzi ngati bowa. Zinakwera phiri pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, mitengo ikutha, wina akugulitsa mapuloti, aliyense akuona. Wosauka amakamanga m'phiri chifukwa puloti yovomerezeka saipeza, ndipo akaipeza mtengo wake sangaufike. Kumuloza chala atamwalira n'kosavuta kusiyana ndi kumupezera malo akadali moyo.

Palinso china chimene chimatiwawa, ndipo ichi sichikambidwa kawirikawiri. Nyumba zakale si zofanana zonse. Ina ndi bwinja loyenera kuchoka, ina ndi mbiri ya mzinda uno. Mandala House inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, ndipo lero muli laibulale ya Society of Malawi. Munthu ukhoza kukhala pakhonde lake n'kuona mmene amisiri akale ankamangira kuti m'nyumba muzizizira popanda makina. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, kumishoni ya Blantyre, chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogoleredwa ndi David Clement Scott, munthu amene sanaphunzire za mapulani a nyumba, ndipo njerwa zake zinaumbidwa ndi kuwotchedwa ndi manja a makolo athu. Ziwirizi zili ndi ozisamala, tikuthokoza. Nanga zinzake zopanda dzina lotchuka, masitolo akale a makonde aatali mu Limbe, nyumba zakale za boma ku Zomba? Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinthu zakale, Monuments and Relics Act la 1990, koma munthu wamba sadziwa kuti nyumba yotetezedwa ndi iti, yosatetezedwa ndi iti. Timangodzuka tsiku lina n'kupeza malata azungulira, mkati fumbi lili koboo.

Ndipo chomera kuseri kwa malatawo nthawi zambiri chimatikhumudwitsa. Chikwangwani chonena kuti akumanga chiyani, wavomereza ndani, sitichiona. Mchenga ndi miyala amazithira panjira yathu, ife n'kumapikisana ndi magalimoto pamsewu, ana a sukulu ali pakati. Ikatha, ndi chibokosi cha magalasi chofika mpaka m'mphepete mwa msewu, chopanda poimika galimoto, chopanda khonde. Khondetu si chokongoletsera chabe. Ndi pamene telala amaika makina ake, pamene wosoka nsapato amapezera chakudya cha ana ake, pamene tonse timausa mvula ikatipeza m'tauni. Omanga atsopano akalichotsa, amachotsa ntchito za anthu amene dzina lawo silinalembedwe papepala lililonse. Lendi ya m'nyumba yatsopanoyo ndiye musanene. Amene anakhalapo zaka zonse zija, akupirira kudontha, sabwereramo.

Tisamveke ngati odana ndi chitukuko. Mzinda umene unayamba ndi mishoni mu 1876 sungakhale ndi nkhope yomweyo mpaka kalekale, ndipo nafenso timachita manyazi mlendo akatsika basi n'kuona makoma akugwa pakati pa tauni. Tikufuna nyumba zosanja, zolimba, za zimbudzi zogwira ntchito. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la mapulani, Physical Planning Act, m'malo mwa lakale la 1988. Malamulo alipo okwanira. Chosowa ndi kuwagwiritsa ntchito mosayang'ana nkhope, komanso kutiuza ife zimene zikuchitika.

Makhansala athu, inu amene munabwera kudzapempha mavoti m'misika momwemu, zopempha zathu si zodula. Mndandanda wa nyumba zonse zopakidwa nyenyezi umatidwe poonekera, pamsika ndi kumaofesi, m'Chichewa, kuti wofuna kuchita lendi adziwiretu. Milandu imene ili kukhoti mutiuze pamene yafika, ndipo maloya a khonsolo aziikankha kuti ithe, m'malo moisiya igone. Mwini nyumba amene watenga chiletso akakamizidwe kukonza denga ndi mawaya pamene akudikira chigamulo, chifukwa chiletso chimaletsa kugwetsa, sichiletsa kusamala miyoyo ya anthu. Nyumba isanagwetsedwe, a nthambi yoona zinthu zakale ayambe aiona. Ndipo ife ochita lendi tipatsidwe miyezi yokwanira yosakira kwina, osati kalata ya sabata imodzi yopatsira mlonda.

Dzinja likubwera, ndipo makoma ong'aluka aja adzamwanso madzi anthu ali m'kati. Bwerani mu Limbe mudzawaone mvula isanayambe.